PANSI PA GALIMOTO: Musanawotcherere angle line ku Sienta yanu, tamvani kaye

Kuli matenda ena agwira eni magalimoto kuno ku Karonga, ndipo sindikunena malungo ai. Galimoto ikangoyamba kulira kwii kwii podutsa pa bampu, kapena chitseko chikayamba kufuna phewa kuti chitseke, mwini wake sapitanso kwa makaniko. Amalunjika kwa wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo uja nkumuuza kuti, "Aise, tailimbitsa pansipa." Mnyamata naye ndalama sakana. Amasuzumira pa mulu wa zitsulo, nkusololapo angle line yotsala pa geti ya munthu wina, nkuyamba kuthetheretsa moto pansi pa galimoto. Pofika madzulo bwana ali pa depoti kudziguguda pachifuwa kuti yanga ija tsopano ndi kasinja.

Abale anzanga, ine zolimbitsa galimoto sindikutsutsa. Aliyense amene anayendapo kuchoka pa Chiweta kudzera pa Uliwa, Nyungwe, Ngara mpaka pa boma maenje atafika pachimake akudziwa zomwe chitsulo chimaona. Nanga mukapatuka kusiya phula kulowera ku masikimu a mpunga, ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya nthawi ya dzinja? Kumeneko tayala lina limakhala m'dzenje, lina pa chulu, galimoto ikupotokola ngati chitenje chomwe mayi akufinya kunyanja. Chomwe ndikukana ine ndi kulimbitsa kwa chimbulimbuli. Chitsulo cholakwika pa malo olakwika chimangosamutsa mng'alu kuchoka apa kupita apo, ndipo choopsa kwambiri, chimamunamiza mwini wake kuti tsopano angathe kupakira ngati lole.

Nzeru yolumikiza zitsulo pansi pa galimotoyi sinayambire pa Karonga. Eni ake ndi a ku America, ndipo ndi bwino timve chomwe iwo ankafuna kuchiza tisanatengere. Mu Epulo 1964 kampani ya Ford inatulutsa galimoto yotchedwa Mustang. Chaka chomwecho a Plymouth anatulutsa Barracuda, a Chevrolet nkudzayankha ndi Camaro kumapeto kwa 1966, kenako kunabwera Dodge Challenger ya 1970. Magalimoto a mtunduwu amawatcha muscle cars, kunena kuti a minyewa, chifukwa amphamvu ake amakhala ndi injini za masilinda 8 zomwe zimapapira petulo ngati ng'ombe zofika pa Rukuru masana a mu Okutobala. Kuno kwathu yotere angaiyendetse ndi okhao omwe mafuta amawalipirira ndi misonkho yathu.

Tsono vuto lao linali ili. Magalimoto ndatchulawa alibe chassis yoyenda kuchoka kumphuno mpaka kumchira. Kutsogolo kuli chigawo chake cha zitsulo zolimba chonyamula injini ndi matayala akutsogolo. Kumbuyo kuli chigawo china chogwira masipuling'i ndi axle. Pakati pa ziwirizi, pomwe pamakhala anthu, pali lata chabe lopondapo mapazi ndi timipanda tiwiri ta m'munsi mwa zitseko. Dalaivala akaponda moto, mphamvu ya injini imapotokola thupi lonse, ndipo lata lija ndi lomwe limamva kuwawa. Onjezanipo zaka 50 kapena 60 za dzimbiri, mupeza kuti kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto zikuyenda ngati banja lomwe lasiya kuyankhulana. Mankhwala ake ndi zitsulo ziwiri, china kumanja china kumanzere, zogwira chigawo chakutsogolo nkuchimangirira ku chakumbuyo. Zitsulo zimenezi ndi zomwe amati subframe connectors.

Komatu onani ichi. Mwini Pontiac GTO kapena Chevrolet Chevelle ya zaka zomwezo sagula zitsulo zimenezi, chifukwa galimoto yake inabadwa ndi chassis yathunthu. Ndiye funso loyamba si lakuti tiikepo chitsulo chanji. Funso loyamba nlakuti galimoto yanuyo ndi ngolo kapena ndi bwato?

Ndifotokoze. Ngolo ya ng'ombe ili ndi mitanda pansi, bokosi nkungokhazikidwa pamwamba. Mutachotsa bokosilo mitanda ndi matayala zimatsala chiimire. Toyota Hilux, Land Cruiser, Isuzu KB, Land Rover zakale zija ndi malole onse, kuyambira Dyna ndi Canter kupita m'tsogolo, ndi ngolo. Bwato ndi mtengo umodzi wosemedwa. Mulibe mitanda, mphamvu yake ili m'thupi lonse, ndipo mukaboola kapena kuwolesa mbali imodzi mwafooketsa bwato lonse. Corolla, Probox, Sienta, Nissan AD, Honda Fit ndi Freed, magalimoto omwe amalowa pa Songwe tsiku ndi tsiku kuchokera ku doko la Dar es Salaam nkudzasanduka matakisi athuwa, onsewo ndi mabwato. Ngakhale Peugeot 504 ya anthu ija, yomwe inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka kudutsa chaka cha 2000, ndi bwato, ngakhale madala amailumbirira kuti inali chitsulo chenicheni. Mankhwala a bwato si mankhwala a ngolo, ndipo wowotcherera amene sadziwa kusiyanitsa ziwirizi mubwezereni ku mageti ake.

Tiyambe ndi bwato. Mungadziwe bwanji kuti thupi lafookadi? Imikani galimoto pa malo osalala, tsekulani ndi kutseka zitseko zonse. Kenako ikani jeke pa ngodya imodzi, kwezani mpaka tayala lisiye pansi, muyesenso zitseko zija. Ngati chitseko chomwe chimatseka bwinobwino tsopano chikukana kapena chikukhula, thupi likupotokola mopitirira muyeso. Zizindikiro zina ndi galasi lakutsogolo long'ambika kuyambira pa ngodya popanda mwala woligenda, ndi ming'alu m'munsi mwa mizati ya zitseko. Koma ngati zitseko zili bwino ndipo phokoso likumveka pa mabampu pokha, pitani mukaone mashoko ndi mabushi. Ambiri omwe amawotcherera zitsulo pansi vuto lao limakhala labala ya mtengo wochepa yomwe inatha kalekale.

Tinene kuti thupi lafookadi. Chitsulo chanji? Apa ndiye pomwe tikulakwitsa ambiri, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Tengani nsungwi yathunthu, mugwire uku ndi uku, muyese kuipotokola. Manja atopa nsungwi ili chete. Tsopano ing'ambeni kutalika kwake, muyesenso. Ipotokoka ngati luzi, chonsecho nsungwi ndi yomweyo, kulemera ndi komweko. Chasintha ndi chakuti poyamba inali yotsekeka kuzungulira, tsopano ndi yotseguka. Chitsulo chimachitanso chimodzimodzi. Angle line ndi nsungwi yong'amba. Flat bar ndiye osanena. Zingaoneke zonenepa bwanji, pa nkhani ya kupotokola zilibe mau. Chofunika ndi chitsulo chotsekeka, square tube kapena paipi yokhuthala, ndipo kumalekezero kwake kutsekedwenso ndi kachitsulo. A ku America aja kawirikawiri amagwiritsa ntchito chubu cha mamilimita 50 mbali iliyonse kapena kuposera pang'ono, chokhuthala pafupifupi mamilimita 3. Osati kachubu kopyapyala kopangira mipando ya pa ukwati kaja, komwe ndodo yowotcherera ikangokakhudza kabooka.

Wina anena kuti ndiye tiikepo chokhuthala zedi, chidutswa cha chassis ya lole, kuti zithere pomwepo. Ai, achimwene. Lata la pansi pa galimoto yaing'ono silifika nkomwe mamilimita 2, malo ambiri ndi pafupifupi milimita imodzi. Mukalumikiza chitsulo chonenepa ku lata lotere, moto wokwanira kusungunula chonenepacho umadya lata, ndipo moto wokwanira lata sugwira chonenepacho. Mapeto ake ndi zitosi za nkhuku zomwe zimaoneka ngati zagwira koma mukamenya ndi hamala zimayoyoka. Komanso mwasenzetsa galimoto katundu wosalipira yemwe adzamwa petulo wanu tsiku lililonse.

Chachiwiri, chitsulocho chigwire pati? Chigwire kolimba ndi kolimba. Chiyambire pa njanji yakutsogolo, pomwe pali chitsulo chopindidwa ngati bokosi, chikathere pa njanji yakumbuyo pafupi ndi pomwe pagwira sipuling'i. Chikathera panjira, pakati pa lata, mwangopanga mpeni. Mbali yolimbitsidwa isiya kugwedezeka, kugwedezeka konse nkusonkhana pomwe chitsulo chathera, ndipo mng'alu watsopano ubadwira pomwepo. Omwe anaona nyumba zong'ambika ndi zivomerezi za mu Disembala 2009 amvetsa msanga. Ring beam imathandiza ikazungulira nyumba yonse nkukumana. Ya khoma limodzi ndi chokongoletsa chabe. Ndipo ziikidwe ziwiri zofanana, kumanja ndi kumanzere. Kulimbitsa mbali ya dalaivala yokha chifukwa chitsulo chinapezeka chimodzi ndi kupanga galimoto yoyenda chankhanu.

Musaiwalenso kuti kuno si ku California. Iwo amayenda pa phula losalala, chitsulo chikhoza kulendewera pansi popanda vuto. Ife tili ndi mabampu oti ena amaoneka ngati manda, ndi misewu ya kumudzi yokhala ndi msana pakati. Sienta ndi Fit nzofupika kale. Chitsulo chikatsika zala zitatu kupitirira pansi pa thupi, chidzakhala choyamba kupatsa moni mwala uliwonse wa pa msewu wa ku Wiliro, ndipo tsiku lina chidzazuka pamodzi ndi lata lomwe chinagwira. Chikakamire ku thupi, chitsate mapindidwe ake, ngakhale zitatengera kuchidula nkuchilumikizanso.

Tsono pali mkangano wakale, ngakhale kwa azungu komweko: kumanga ndi mabauti kapena kuwotcherera? Za mabauti ubwino wake ndi wakuti simufuna magetsi, simuotcha kanthu, ndipo tsiku lomwe mwaganiza zogulitsa galimoto mumangomasula. Koma bauti imafuna bowo, ndipo bowo pa chitsulo chopyapyala limakula. Galimoto ikamagwedezeka bauti imasewera pang'onopang'ono, bowo lozungulira nkusanduka dzira, pakutha pa dzinja limodzi chitsulo chija changokhala belu. Amene wasankha mabauti aike timbale ta chitsulo kuseri kuti mphamvu imwazikane, alowetse kapaipi mkati mwa njanji kuti pomanga isaphwanyike, agule mabauti olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu osati a denga, ndipo azikhala akumangitsa pafupipafupi. Kuwotcherera kumagwira kuposa, pa ichi palibe wotsutsa. Ine pa misewu yathuyi ndimavotera kuwotcherera. Koma voti yanga ili ndi mfundo zake, monga mavoti onse a nthawi ya matipate ino.

Mfundo yaikulu ndi yomwe anyamata athu ambiri saidziwa. Galimoto iwotchereredwe itaima pa matayala ake anai, pa malo owongoka, kulemera kwake konse kuli pa masipuling'i. Pa dzenje la pa galaja kapena pa zokwezera zopondetsa matayala. Kawirikawiri zomwe ndimaona ndi jeke mbali imodzi, chitsa cha mtengo ndi njerwa mbali inayo, galimoto itapendekeka ngati woledzera, mnyamata ali pansi kuwotcherera. Pamenepo thupi limakhala litapotokoka kale, ndipo chitsulo chanu chikuliumitsa chipotokokere. Mukaitsitsa, zitseko sizidzatsekanso bwino mpaka kalekale, ndipo matayala adzadyeka mbali imodzi ngakhale mupite ku alignment kasanu. Asanayatse makina tsekani ndi kutsekula zitseko zonse. Akangogwiritsa timadontho toyamba yesaninso. Zikakana, adule ayambirenso. Ndipo asawotcherere mzere wautali kamodzinkamodzi. Pang'ono kuno, pang'ono uko, chitsulo chizipuma, apo ayi kutentha kukoka thupi.

Mfundo ina ndi dzimbiri. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, koma magalimoto ambiri amabwera atadwala kale. Ku madera a chipale a ku Japan, ngakhalenso ku Britain, amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndipo mcherewo umadya galimoto kuyambira mkati. Ikafika kuno ife nkuwonjezera matope a m'munda wa mpunga, madzi a usipa wa pa Ngara, ndi matumba a feteleza, yemwe amadya chitsulo kuposa njenjete pa nsalu. Tengani sikuludalaiva mubaye pomwe mukufuna kulumikiza. Ikalowa ngati mu chinangwa chophika, palibe chogwira pamenepo. Choola chidulidwe, aikepo chigamba cha lata labwino, kenako tikambe za kulimbitsa. Kuwotcherera pa dzimbiri ndi kusoka chigamba chatsopano pa thalauza lofumbwa.

Za moto ndinene mwachidule chifukwa ndi zoti mwana wa sitandade 5 angamvetse. Chotsani batire, chifukwa magalimoto amakonowa ali ndi kompyuta yomwe mtengo wake ukuliritsani. Waya wa earth ugwire pafupi ndi pomwe akuwotcherera. Chotsani mipando ndi kapeti, pakuti kutentha kumadutsa lata. Mapaipi a petulo ndi a mabuleki amayenda m'njira yomweyo yomwe chitsulo chanu chikufuna kudutsa. Honda Fit thanki yake ya petulo ili pansi pa mipando yakutsogolo, pakati penipeni pa galimoto. Ngati yanu ndi hybrid, muli batire lalikulu la magetsi oti angaphe munthu, ameneyo si wa pa mageti ai. Ndipo pakhale munthu wina mkati ndi ndowa ya madzi kapena mchenga.

Pa magalimoto amakono pali chinthu chimodzi chomwe a Mustang ya 1965 sankachiganizira kwenikweni. Mphuno ya Sienta kapena Corolla inapangidwa dala kuti ikaombana ikwinyike ngati chitini. Anthu amaiseka kuti ndi pepala, koma kukwinyikako ndi komwe kumameza mphamvu ya ngozi isanafike pa miyendo ndi pachifuwa panu. Mukapitiriza chitsulo chanu mpaka ku bampala, galimoto ituluka pa ngozi ikuoneka bwino, anthu ndi omwe akwinyike. Kulimbitsa kuthere pansi pa pomwe pamakhala anthu. Kutsogolo kwa matayala akutsogolo musakhudzeko.

Nanga a ngolo, eni ma Hilux ndi ma Canter? Inu subframe connectors sizikukhudzani, mitanda muli nayo kale. Yanu nkhani ndi mng'alu, womwe umakonda kubadwira kuseri kwa kabini kapena pomwe pagwira masipuling'i akumbuyo. Boolani kabowo kakang'ono pomwe mng'alu wathera kuti usapitirire, sepani mng'aluwo ndi grinder, wotchererani, kenako muikepo chigamba cha chitsulo chokhuthala mofanana ndi chassis yomweyo. Chigambacho chisakhale cha ngodya zinai zowongoka. Chisongoke uku ndi uku ngati nsomba, kuti mzere wowotcherera usadutse chassis choimirira kuchoka pamwamba kufika pansi, chifukwa mzere woimirira ndi mng'alu wa mawa. Milomo ya chassis, wapamwamba ndi wapansi, ndi yomwe imasenza katundu, choncho osaboolapo, osaotchapo mwachisawawa. Malole ena akuluakulu chassis yao ndi yophikidwa mwapadera ndipo pamakhala chikwangwani choletsa kuwotcherera. Amenewo amafuna chigamba cha mabauti. Dziwaninso kuti chassis ya lole inapangidwa kuti izipotokoka pang'ono. Mukaiumitsa pakati ngati mwala, ithyokera kumapeto kwa chigamba. Walira mvula walira matope.

Tsopano ndifike pomwe pakundipweteka mtima. Chifukwa chenicheni chomwe ambiri akulimbitsira magalimoto si bampu kapena dzenje. Ndi matumba. Probox inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 400 muli anthu awiri. Amenewo ndi matumba 8 a makilogalamu 50, basi. Sienta ndi ya anthu 7. Hilux ndi ya pafupifupi tani imodzi, matumba 20. Koma taimani pa msewu wa Karonga–Songwe nyengo yokolola Kilombero muwerenge nokha. Probox mchira ukukwekwa pansi, Sienta anthu atapanikizana ngati matemba mpaka wina kugawana mpando ndi dalaivala, kumbuyo chitseko chitamangidwa ndi chingwe cha labala. Mukamufunsa mwini wake akuyankhani monyada kuti musade nkhawa bwana, pansipa tinaika zitsulo, masipuling'i tinaonjezera.

Zitsulo munaikadi. Nanga mabuleki munaonjezera? Nanga matayala, omwe pambali pake panalembedwa kulemera komwe angasenze? Nanga mabering'i ndi mabauti a tayala? Zonsezi zikadali za galimoto ya matumba 8. Kale galimoto yolemedwa inkadandaula, zitseko zinkakana, thupi linkalira, mwini wake nkuchita mantha nkutsitsako matumba awiri. Mwaitseka pakamwa. Tsopano ikusenza mwakachetechete mpaka tsiku lomwe idzakumane ndi chitsikira. Galimoto ikalemera kawiri, mabuleki ayenera kumeza kutentha kowirikiza kuti iime pa liwiro lomwelo. Potsika mapiri a Chiweta, kapena pochokera ku Chitipa kutsetsereka kulowera ku Karonga, buleki imagwira pa kona yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kenako mafuta ake amawira, phazi nkungolowa mpaka pansi ngati mwaponda phala. Pamenepo square tube yanu ya mamilimita 3 ilibe chonena. Ndipo okwera m'menemo si matumba okha. Ndi mayi wa geni wochokera ku Kyela, mwana wa sukulu, gogo wopita ku chipatala, anthu omwe sanasuzumireko pansi pa galimoto ndipo sanafunsidwe maganizo.

A COF nao tiwapemphe. Musamangoona ngati magetsi akuyaka ndi hutala ikulira. Gwadani, muunike pansi. Mukapeza angle line yomatidwa pa dzimbiri, kapena paipi ya mabuleki yopsa ndi moto wa wowotcherera, pepala lisatuluke ngakhale mwini wake akhale mlamu wanu. Apolisi a pa ma roadblock ndiye sindinena zambiri, maso ali nao, matumba amawaona, chomwe chimachitika dalaivala akatsika nkupita kuseri kwa galimoto amadziwa ndi iwo eni.

Kwa inu amene mwaganiza zolimbitsa m'njira yoyenera, ntchito isathere pa kuwotcherera. Moto umapsereza penti mkati ndi kunja, ndipo pomwe papsa ndi pomwe dzimbiri limayambira. Chotsani makoko onse ndi hamala ndi burashi ya waya, pakani red oxide kawiri, kenako penti yakuda ya pansi ija. Boolani kabowo kamodzi pa malo otsikitsitsa a chubu chilichonse kuti madzi olowa azituluka, nkupoperamo oilo pang'ono. Chitani zimenezi mvula isanayambe, ndipo ya mu Malichi ndi Epulo ikatha mulowenso pansi ndi tochi mukayang'ane kumalekezero onse anai ngati sipanabadwe kamzere kofiira.